Mitengo Yodikira Alendo

Chikwanje ndinanoletsa pa 20 Okotobala 1997, ndipo tsikulo ndinali wokondwa ngati chitsiru. Kwa zaka ziwiri ndinali nditalera mitengo ya jelejele m'munda mwanga, malima awiri athunthu, ndiye kuti theka la hekitala, ndipo nthawi yoigwetsa inali itakwana. Anthu a kuno ku Chiparamba anali atandiseka mokwanira. Ankati taonani Ketilina, mkazi wamasiye wa ana anayi, wabzala tchire m'munda wa chimanga. Tsopano ndinkafuna ndiwatseke pakamwa ndi chimanga chenichenicho.

Sindinabzale mitengo chifukwa chokonda mthunzi. Feteleza anatithawa boma litasintha. Kale tinkakamutenga ku depoti, kenako anayamba kupezeka m'masitolo a ku Chipata okha, pa mtengo woti munthu ngati ine ungoyang'ana thumba n'kumeza malovu. Amuna anga a Abel anamwalira mu 1993, n'kundisiyira munda wotopa, wodzaza kaufiti. Chimanga chinkafika m'chiuno, masamba ali chikasu, ndipo pofika Ogasiti nkhokwe inkakhala italira kale.

Ndiye kunabwera Malcolm Shawa, mnyamata wa pa njinga yamoto, mlangizi wa bungwe lina la m'tauni limene ife tinkangolitchula kuti "a mitengo". Anatipeza ku mphakati titatha mapemphero. Anati jelejele amabwezera chonde m'nthaka. Ukamubzala umausiya munda zaka ziwiri osalimamo chimanga, chaka chachitatu umadula mitengo mvula isanagwe, masamba n'kuwakwirira, mitengoyo n'kusanduka nkhuni, ndipo chimanga chimabereka ngati wathira matumba. Amuna anaseka n'kumapita. Tinatsala akazi khumi ndi mmodzi, tonse opanda ng'ombe ndiponso opanda chogulira feteleza. Anandisankha kukhala wapampando chifukwa cha pakamwa panga, komanso poti ndinamaliza Giredi 7 ndipo kalata ndimatha kulemba.

Zaka ziwiri n'zosavuta kutchula. Malima awiri atalowa m'mitengo, ndinatsala ndi lima imodzi ndi kadimba. Chakudya chotsala ndinkachipeza kwa alamu anga a Fackson, akulu awo a malemu, amene ali ndi ng'ombe khumi ndi zinayi ndi munda wa thonje wosaoneka malire. Ndinkawapalirira thonje, kuwatolera thonje, iwo n'kumandiyezera chimanga m'thini. Sikuti ndi munthu woipa mtima, koma poyeza amakonda kulalikira, ndipo iwe umaima pamenepo thumba lili m'manja kudikira ulaliki uthe. Ndinalumbira kuti chaka chodula mitengo ndicho chomaliza. Ana anga adzadya za m'munda wa bambo awo, ndipo ine sindidzapondanso m'thonje la a Fackson.

Chimene Malcolm sanatiuze, mwina poti iye anakulira m'tauni, ndi nkhani ya ng'ombe. Kwathu kuno anthu akatha kukolola, munda sukhalanso wa mwini wake. Ng'ombe amazitayirira, zimayenda paliponse mpaka mvula igwe, ndipo palibe amene angakuimbe mlandu. Osaka mbewa nawo amatentha mapesi mmene afunira. Tinabadwa zili choncho. Koma taganizani bwino: ng'ombe idya mapesi m'munda wa wamasiye, madzulo ikasiya ndowe m'khola la mwini wake, mwiniyo athira ndowezo m'munda mwake. Chonde chathu chimayenda ndi miyendo inayi kupita kwa amene ali nacho kale. Zimenezi zinkandiwawa ndisanabzale mtengo ndi umodzi womwe, koma ndinalibe pozinenera.

Chilimwe choyamba, minda inayi ya gulu lathu inatha. Iwiri inapsa, iwiri inadyedwa. Wa Magalita, mnzanga amene amalera ana ake atatu ndi ena awiri a mchemwali wake, unathera m'mimba mwa ng'ombe za a Fackson masiku awiri okha. Ndinapita kukawaona alamuwo, ndinawapeza akukonza goli.

"Mlamu, khalani pansi," anatero. "Nifunse. Mitengo imeneyi mukudya?"

"Iyayi."

"Mugulitsa?"

"Iyayi, koma..."

"Ndiye ni tchire. Manje ng'ombe izadziwa bwanji kuti tchire ili lili na mwini? Kapena muyambe kuziphunzitsa Giredi 7?"

Ndinabwerako nditakwiya, ndipo tsiku lomwelo ndinalemba kalata. Tinapempha kuti pakhale lamulo loti ng'ombe ziziwetedwa chaka chonse, ndiponso kuti wotentha munda wa mitengo aziimbidwa mlandu ngati wotentha chimanga. Tinayenda khomo ndi khomo mpaka anthu makumi asanu ndi limodzi kudza atatu anadindapo chala. Kalatayo ndinapita nayo ku Chipata katatu. Ofesi yoyamba anati za mitengo si zawo. Yachiwiri anati mitengo ndi yawodi, koma ng'ombe si zawo. Yachitatu anati ng'ombe ndi zawo zikadwala zokha. Ulendo wachitatu ndinaphonya galimoto yobwerera, ndinayenda wapansi mu msewu wa ku Mfuwe kalata ili m'chitenje.

Mitengo yanga inapulumuka chifukwa cha liuma. Ndinatchinga munda wonse ndi minga, ndinalambula m'mphepete kawiri pa chaka kuti moto usalumphe, ndipo ndinakangana ndi theka la mudzi. Pofika chilimwe chachiwiri, minda ya anzanga inali itatsala zigamba zokha. Wanga wokha ndiwo unaima wathunthu, mitengo yotalika kupitirira denga la nyumba, pansi pali masamba ofewa ndi dothi lakuda lonunkhira bwino.

Mmawa umene ndinkati ndiyambe kudula, ndinamva njinga yamoto. Malcolm anatsika fumbi lili m'nsidze, akumwetulira mpaka m'makutu.

"Amake Tiyanjane, mwadzuka bwanji? Chonde, chikwanje icho muyambe mwaika pansi. Nabwera na nkhani yabwino."

Ndinachiika, koma pafupi.

"Kubwera alendo," anatero. "A ku Lusaka, na ena a kunja amene athandiza pulogalamu yathu. Azabwera na akuluakulu a boma. Afuna kuona jelejele ali chiimire, ndipo m'dera lonse lino munda wooneka ni wanu. Pa 12 Novembala chabe."

"A Shawa, si ndinu munatiphunzitsa kuti tizidula mu Okotobala? Kuti masamba ayoyoke dzuwa likalipo, tipange mizere, mvula yoyamba itipeze takonzeka?"

"Ni zoona, amai. Koma pa 12 nthawi ikalipo. Ndipo mvetserani: kalata yanu ya ng'ombe ija muzapereka m'manja mwa wamkulu weniweni, pamaso pa alendo. Sangaikane. Mwai ngati uyu subwera kawiri."

Pamenepo anandigwira pakhosi. Madzulo ndinaitana gulu pansi pa mango a ku tchalitchi. Ena anati munda ndi wanga, ndichite zimene ndaona. Magalita anali atafesanso njere za jelejele, mbande zake zinali pa nazale kudikira Januwale, ndipo anati popanda lamulo la ng'ombe akungolimira a Fackson msipu. Mayi wina anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, tingopirira masabata atatu. Ndinavomera, ndipo chikwanje ndinachisomeka kudenga.

Pa 12 Novembala tinadzuka mbandakucha. Tinasesa njira kuyambira pa msewu, tinabwereka mabenchi a sukulu, tinapha nkhuku ziwiri zimene gulu linasonkha. Tinali titakonza ndi nyimbo yomwe. Tinakhala mpaka dzuwa linapendeka. Malcolm anafika yekha, anati pepani, alendo akadali ku Lusaka, mitingi yachuluka, tsiku lasunthira pa 28. Nkhukuzo tinadya tokha, ndipo sizinakome.

Pa 19 mvula inagwa, yeniyeni yobzalira, yoyamba masana mpaka kufewetsa nthaka mkono wonse. Mmawa mwake mudzi wonse unali kumunda. Ine ndinabzala kalima kanga kamodzi kaja, pofika masana ndinali nditamaliza, ndipo ndinakhala pa chulu kuyang'ana malima awiri a mitengo. A Fackson anadutsa ndi ng'ombe zawo za pulawo.

"Mlamu, mwaswera? Kodi mitengo ija ibereka liti chimanga?" anafunsa. "Kapena chimamera kumwamba ngati mapapaya?"

Ndinawasiya adutse. Chimene chinkandipweteka n'chakuti funso lawo linali labwino.

Pa 28 sanabwere. Tsiku linasunthira pa 5 Disembala. Apa ndiye ndinavala chitenje cha ku tchalitchi, ndinakwera vaneti ya thonje mpaka ku Chipata, kukawauza pamaso kuti ine ndikudula. Ofesi ya a mitengo inali m'nyumba ya mpanda wa maluwa kuseri kwa masitolo. Anandilowetsa kwa bwana wa Malcolm, mayi wotchedwa a Leticia, waulemu kwambiri. Anandipatsa mpando wofewa ndi tiyi wamkaka, zimene maofesi atatu aja sanandipatsepo.

"Amai Sakala, tikumvetsa," anatero. "Koma tione mbali zonse. Alendo awa ndiwo azanena ngati pulogalamu ipitirire zaka zina zitatu. Tawauza za munda wanu, dzina lanu alidziwa. Akapeza zitsa, azaona chiyani?"

"Azaona chimanga chikumera. Si ndicho tinabzalira mitengo?"

"Chimanga chili paliponse, amai. Iwo afuna kuona mitengo."

"Ndiye nidule lima imodzi, ina itsale."

Anapukusa mutu pang'onopang'ono. Anati m'mapepala analemba malima awiri, ndipo alendo amenewa amawerenga. Anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinafuna kuwafunsa ngati nkhonoyo ili ndi ana anayi, koma tiyi wawo anali m'manja mwanga ndipo ndinaleredwa bwino. Ndinatuluka ndisanavomere ndiponso ndisanakane. Pa msika wa Kapata ndinaona amayi akugulitsa nkhwani wa m'minda ya chaka chomwecho.

Pa 5 Disembala sitinasese n'komwe. Malcolm anatumiza uthenga kudzera kwa aphunzitsi kuti tsopano ndi pa 18, ndipo ulendo uno n'zotsimikizika. Mmawa wotsatira ndinasolola chikwanje kudenga. Ndinayambira kumunsi kwa munda, kumene munthu wodutsa m'njira sangaone. Jelejele ndi wofewa, kutema kawiri wagwa. Ndinagwetsa umodzi, iwiri, mpaka isanu ndi inayi, ndipo mtengo uliwonse ukagwa ndinkamva kupepuka m'chifuwa.

Nditacheuka ndinaona Magalita. Ankachokera kudimba, khasu paphewa, mwana kumsana. Sanakuwe. Anangokhala pansi pa mzere wa minga, n'kumayang'ana mitengo yogwayo.

"Dulani, anzanga," anatero. "Ni munda wanu, ni ana anu. Ine siningakuletseni."

"Magalita, anthu ayamba kupalira. Ine sininapange na mzere umodzi."

"Nidziwa. Nati dulani." Anasuntha mwana n'kumuika pamiyendo. "Mbande zija nizangozisiya ziume. Nibzalirenji? Kalata ija ikapanda kulowa pa 18, siizalowanso. Tinadinda zala anthu onse aja, ena amuna awo anawakalipira. Koma mwayesetsa, palibe angakuneneni."

Akanandinyoza, ndikanadula munda wonse tsiku lomwelo. Koma munthu wokuuza kuti palibe angakunene ndiye wakumanga manja ndi miyendo. Ine ndi amene ndinayenda khomo ndi khomo, ine ndi amene ndinkawauza kuti mutu umodzi susenza denga. Ndinakokera mitengo isanu ndi inayi ija m'tchire kuti alendo asadzaione, ndipo ndinabwerera kunyumba ndikudzitukwana njira yonse.

Pa 18 anabweradi. Magalimoto atatu oyera, matope mpaka m'magalasi. Anatsika anthu okwana khumi, azungu awiri, mwamuna ndi mkazi, ena onse athu omwe, nsapato zawo zosayenera kumunda. Tinaimba nyimbo yathu ija. Analowa m'mitengo, anafukula dothi ndi zala, ananunkhiza, anagwedeza mitu. Mzungu wamkazi anandijambula nditagwira khasu, kenako nditagwira tsamba, kenako anapempha kuti ndiseke. Anandifunsa kudzera mwa Malcolm kuti mitengoyi ndidula liti.

"Muwauze kuti inafunika kudulidwa mu Okotobala," ndinatero. "Muwauze kuti nachedwa na miyezi iwiri chifukwa cha iwo."

Malcolm anayankhula Chingerezi, ndipo changa chochepacho chinakwana kumva kuti wanena kuti ndidula posachedwa. Mayiyo anamwetulira n'kundigwira paphewa.

Itakwana nthawi ya kalata, ndinagwada pamaso pa wamkulu wa boma amene anabwera ndi alendowo, bambo wonenepa wa suti yotuwa, ndipo ndinanena mawu onse amene ndinakonza: za ng'ombe, za moto, za chonde chimene chimachoka kwa osauka. Anamvetsera bwino ndithu. Anati amayi a Chiparamba ndi chitsanzo ku chigawo chonse, ndipo nkhaniyi aiona. Anthu anaomba m'manja. Kalata anaipereka kwa amene anali kumbuyo kwake, ameneyo anaipereka kwa wina, ndipo ndinaitsatira ndi maso mpaka inalowa m'thumba la jekete la dalaivala. Kenako kumwamba kunachita bii, wina anati mtsinje ungadzaze, onse anathamangira m'magalimoto. Sanakhale ngakhale ola limodzi, ndipo chakudya sanachikhudze.

Magalimoto asanazimiririke ndinali nditayamba kale kutema. Koma ntchito ya mu Okotobala siigwirika mu Disembala. Dzuwa likakhalapo, ukagwetsa jelejele masamba amauma n'kuyoyoka okha. M'mvula amangokakamira, umachita kupulula ndi manja nthambi ndi nthambi. Mitengo inali yolemera ndi madzi, udzu unali utamera pansi, dothi linkamata kukhasu. Anzanga anandithandiza masiku awiri, Magalita anabwera masiku anayi, koma nawonso minda yawo inkawadikira. Khirisimasi ndinaidyera kumunda ndi ana anga, tikukoka mitengo. Mbewu yomaliza inalowa m'nthaka pa 6 Januwale, chimanga cha anthu chili kale m'chifuwa.

Ndiyenera kunena zoona, ngakhale zimandiwawa kuposa bodza: jelejele anagwira ntchito. Chimanga chinamera chobiriwira moderako, mapesi onenepa ngati mkono wa mwana, masamba otambalala. Kaufiti sanaoneke. Anthu odutsa m'njira ankaima. Amuna amene anatiseka ku mphakati anayamba kundifunsa ngati ndatsala ndi njere. Tsiku lina ndinawapeza a Fackson ataima pa minga, manja kumbuyo.

"Mlamu, nenani zoona. Simunathireko ka feteleza usiku?"

"Ningakagule na chiyani, alamu? Na ulaliki wanu?"

Anaseka, ndipo anapita osawonjezera mawu. Masabata amenewo ndinkagona tulo tabwino. Ndinayamba kukonza nkhokwe, ndinaikulitsa, ndipo mitengo yomangira inali ya jelejele yemweyo.

Mvula inadula kumapeto kwa Febuluwale. Chimanga cha anthu amene anabzala mu Novembala chinali chitakhwima, iwo ankangodikira kuti chiume. Changa chinali chitangomasula ngayaye, ndevu zikutuluka kumene. Sabata yoyamba ndinati ibwera. Yachiwiri masamba anayamba kupotana masana n'kutambasuka mmawa. Yachitatu sanatambasukenso. Ndinkapita kumunda tsiku ndi tsiku popanda chokachita, n'kumasenda chisononkho chimodzi kuti ndione. Ndinkapeza njere zochepa kumunsi, kumtunda kuli mbee. Chimanga chotalika kuposa cha wina aliyense m'mudzi chinaima choncho mpaka chinauma, ndipo anthu odutsa analeka kuima.

Amuna ofuna njere aja sanabwerenso. M'mudzi nkhani inali yakuti jelejele amakulitsa mapesi okha. Ndinayesa kufotokoza ku chitsime, ku chigayo, potuluka m'tchalitchi, kuti vuto si mitengo. Anthu ankangoti inde, inde, maso ali kumbali. Munthu amakhulupirira nkhokwe, ndipo yanga yaikulu ija aliyense ankaiona mmene inalili. Za kalata sitinamve kanthu, ndipo mu Meyi eni ng'ombe anayamba kale kuwerenga masiku oti azitayirire.

Malcolm anabwera mwezi womwewo ndi sikelo ndi fomu. Anali ataonda, kumwetulira kuja kunalibe. Tinayeza zimene ndinakolola m'malima awiri: matini asanu ndi limodzi, chimanga chopepuka, chokwinyika. Anakhala pa mpando pakhonde, fomu pabondo, n'kumalemba. Atafika kumunsi cholembera chinaima.

"Amai, pano pafunika chifukwa. Zokolola zikachepa, afuna tilembe chifukwa chake."

"Lembani kuti ninadikira alendo."

Anayang'ana pansi.

"Lembani, a Shawa. Pa 12, pa 28, pa 5, pa 18. Masiku onse nili nawo pamutu ngati mwaiwala."

"Sininaiwale, amai. Ine sinigona nayo nkhani iyi." Anapukuta nkhope ndi dzanja. "Koma lipoti iyi iwerengedwa na alendo omwe aja. Akalibe kusaina za zaka zitatu zija. Nikalemba kuti ofesi ndiyo inakuimitsani, a Leticia sazaitumiza, ndipo ikapita, pulogalamu yatha. Nikalemba kuti mitengo siinathandize, ni bodza, ndipo yathanso. Njere za chaka chino, za a Magalita na ena onse, zichokera mu ndalama zimenezo. Na nkhani ya ng'ombe, ngati kuli amene angaikumbutse ku boma, ni ife."

"Ndiye mulemba chiyani?"

Anaweramira pa fomu. Analemba mawu ochepa, n'kundipatsa fomu ndi cholembera, chala chake chikuloza posaina. Chingerezi chake chinali chosavuta, ndinachiwerenga ndekha. Analemba kuti mlimi anachedwa kubzala.

Ndinawerenga kawiri. Panalibe bodza pamenepo. Ndani anabzala pa 6 Januwale? Ndine. Ndani anasomeka chikwanje kudenga? Ndine. Ine amene ndinanoletsa chikwanje mvula isanaganize n'komwe zobwera, ndinalowa m'mapepala a ku Lusaka ndi kunja ngati mayi waulesi wa ku Chiparamba amene anaphunzitsidwa bwino koma anazengereza. Ndinafuna kung'amba pepalalo ndi kumuponyera kumaso. Ndinafuna kulira, ndipo zimenezo zinandikwiyitsa koposa. Kuseri kwa nyumba kunkamveka Magalita, amene anabwera kudzandithandiza kupeta, akuuza mwana wanga wamkulu kuti mbande zake zagwira bwino chaka chino, zafika kale m'chiuno.

Ndinasaina. Dzina langa ndinalilemba lonse, Ketilina Sakala, zilembo zooneka bwino, kuti asadzanene kuti mlimiyo ndi wosaphunziranso. Malcolm anati zikomo ndi mawu osamveka, ndipo anayamba kufotokoza zina za chaka chamawa.

"A Shawa, sunthani njinga yanu, yatseka njira," ndinatero.

Ndinatenga thumba langa lotolera. Dzuwa linali litakwera, ndipo a Fackson sakonda kuti wa ganyu azifika mochedwa ku thonje.